Mboni ya a Levison

"Popanda mboni, mlandu uwu tiluza," anatero a Zikhalo, loya amene ndinakawatenga ku Dedza boma. "Dalaivala wa lole akuti inu ndi amene munakhotera kumbali kwake. Palibe amene anaona?"

Amuna anga, a Levison, anangoti maso pa mwendo wawo wa m'chikhakha. Chichitikireni ngoziyo ankandiuza kuti pa njinga yamoto paja anali okha, akuchokera ku Mayani kogula mbewu ya mbatata ya kachewere.

"Alipo," anatero chapansipansi. "Ndinanyamula munthu."

"Ndani?"

"Linda, wa ku saluni uja."

Loya anamwetulira. Anafunsa ngati Lindayo amatha kulankhula pagulu. Ndinayankha ndine kuti amatha kwambiri, makamaka ndi amuna a eni ake.

Mwezi wonse ndakhala ndikuwasambitsa bambowa ndi kuwachirikiza popita kuchimbudzi, m'chisanu cha Juni. Lindayo akuti anangosupuka chigongono, n'kuthawa anthu asanasonkhane. Ine njinga imeneyo sanandikwezepo, ati ndimalemera.

"Mayi," anatero loya, "mtsikanayo akakana kubwera kukhoti, chipukutamisozi palibe, ndipo za opaleshoni yachiwiri ija muiwale. Angakamunyengerere ndani?"

A Levison anatsegula pakamwa.

"Inu bambo, khalani chete," ndinatero uku ndikumanga chitenje. "Ndikamutenga ndine. Akalumbire pamaso pa woweruza, akanene zonse, kumene munkachokera ndi pamene anakugwirani pokwera mtunda. Ine ndikakhala pa benchi ya kutsogolo."