Fulu Agadama

Padangotero, mvula ikakata, tinyama tinkasonkhana pa thanthwe loterera kupikisana kudumpha. Woweruza anali Fulu, nkhalamba yosadziwa kukondera, kungoti khosi lake silinkalola kupenya kumwamba. Iye ankangoona potera.

Chaka china Chiwala anadumpha pang'ono n'kutera bwinobwino ngati tsamba. Kenako kunabwera Nachule, mwana wa chule, amene anatha dzinja lonse akuyeserera. Anazungulira kanayi m'malere, koma potera anaterereka, khu! mawondo n'kusupuka.

"Wapambana ndi Chiwala," anatero Fulu, mtima uli mbee.

Chiwala anakana kulandira duwa la wopambana. "Agogo, inu mwaona kugwa kokha. Zimene wachita mnzangayu m'mwambamu ine sindingayerekeze n'komwe."

Fulu anayang'ana Nachule akupukuta magazi, osalira. Anakumbukira ana onse amene anawabweza kwawo ndi mabala, osadziwa chimene anachita asanagwe. Manyazi anamugwira.

"Ndigadamitseni," anatero.

"Agogo, fulu akagadama sadzuka yekhatu!" anadabwa Chiwala.

"Ndikudziwa. Nachule mwanawe, ungadumphenso?"

Anamugadamitsa, miyendo m'mwamba. Nachule anadumphanso, Fulu akuona yekha: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi! Mwanayo anagwanso, koma anadzambatuka n'kuthamangira kukatembenuza nkhalambayo. Anaipeza misozi ili mbwembwembwe.

"Dikira kaye, mwana wanga, usanditembenuze," anatero Fulu chapansipansi. "Kani zaka zonsezi mumachita zokongola chonchi, ine n'kumangoyang'ana mawondo anu?"