Tsamba la Kumanja

"Zamumtima salemba, mng'ono wanga," anamuchenjeza mkulu wake. "Pepala lilibe pakamwa, koma limaulula." Iye sanamvere.

Chibadwire mwana wake, maganizo oipa ankamuzinga ngati ntchentche pachilonda. Amayi abusa anamuphunzitsa njira: kumanzere kwa kope azilemba ganizo loipalo, kumanja aziliyankha ndi mawu a Mulungu. Patatha miyezi itatu, mtima unayamba kukhala pansi.

Tsiku lina apongozi ake analipeza kopelo pansi pa matiresi. Anakhala pabalaza, magalasi ali pamphuno, n'kumawerengera mwana wawo, bambo a khandalo, mokweza.

"'Ndikamamusambitsa ndimaopa kuti ndimusiya m'madzi.' Wamva? Mkazi wako ameneyu!"

"Amayi, werenganinso kumanjako," anapempha mkaziyo.

"Kumanjako n'kudzikometsera chabe. Zoona zili kuno."

Anayang'ana mwamuna wake. Bamboyo ankangotembenuza foni m'manja, maso ali pansi.

"Mawa m'mawa mwanayu ndipita naye," anatero apongoziwo. "Inu mutsale muzipemphera bwino, poti ndinu mlembi wa Mulungu."

Mkaziyo analowa kuchipinda. Mwana anali m'tulo, kankhonya kali patsaya. Ganizo lija linabweranso: akunena zoona, ndiwe mayi woopsa. Kope analibe, koma tsamba la kumanja ankalidziwa pamtima.

"Mantha awa sachokera kwa Inu, Ambuye," ananong'ona. "Mwanayu munandipatsa ndinu."

Anapinda matewera n'kuwalonga m'chikwama mwakachetechete. Basi yoyamba yopita kwa mkulu wake inkanyamuka kusanache. Kopelo atsale nalo apongoziwo, mwina tsiku lina adzafika kumanja.