Chigawo Chopanda Chilembo

Laputopu inayaka, koma inayaka ngati munthu wodzuka ndi matsire. Chigawo cha disiki choyenera kukhala C chinkadzitcha E. D anangosowa. Pulogalamu iliyonse imene mmisiri wa makompyuta ankatsegula inkadandaula kuti sikuona kwawo.

Mwini laputopuyo, mphunzitsi wa masamu, anakhala pabenchi atafungatira chikwama. Mafunso a mayeso a kalasi yake anali mu laputopumo, ndipo ahedi ankawafuna mawa lake m'mawa. Mwamuna wake anaima pakhomo la shopu, maso ali kumsewu.

"Si vuto lalikulu, amayi," anatero mmisiri. "Ndakopera chigawo choyendetsa makina kuchoka pa disiki yotopa ija kupita pa yatsopano. Ndiye makina aona madisiki awiri a nkhope imodzi, asokoneza zilembo. Mapasa amasokoneza ndi mayi wobereka yemwe."

"Disiki ya chaka chimodzi yatopa ndi chiyani?" anafunsa mayiyo. "Akuba atatibera laputopu yoyamba ija, achimwene anga anatumiza ndalama, abambowa n'kukagula yatsopano m'sitolo. Anachita kusaka yofanana kuti ndisavutike kuzolowera."

"Zinthu za masiku ano sizilimba," anatero bamboyo osacheuka. Pa nkhani ya zinthu zosalimba analidi katswiri.

Mmisiri anazimitsa makina, anachotsa disiki yakale, n'kuyatsanso. Anakonza zilembo chimodzichimodzi mpaka C anabwerera pampando wake. Kenako analumikiza yakale ija ndi kachingwe kuti atolemo mayeso. Apo ndi pamene anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini.

"Muli chigawo china umu. Chachikulu ndithu, chodzaza. Koma chilibe chilembo."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti makina sachionetsa. Ndipo chilembo sichiguluka chokha ngati dzino la nkhalamba, amayi. Wina anachita kuchichotsa."

Msewu unasiya kukoma pomwepo. Bamboyo analowa mofulumira, n'kupunthwa pa bokosi la mawaya.

"Mavairasi amenewo, bwana. Fufutani. Angatiwonongere mayeso a ana."

Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, aka kanali koyamba kuti bamboyu adere nkhawa maphunziro a ana a eni. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka pachipumi pamene thukuta linayamba kuchita mikanda, chonsecho fani ikuzungulira. Masamu ena safuna choko. Foni yogona chafufumimba patebulo. Misonkhano ya Loweruka imene inkafuna perefyumu. Kamtsikana ka kuofesi ka zikhadabo zazitali, kamene kankamupatsa moni mogwada mopitirira muyeso.

"Chipatseni chilembo," anatero mayiyo.

"Mayi, anthu akutiona," ananong'ona bamboyo. "Tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kulibe mmisiri. Chipatseni."

Mmisiri anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Ntchito yake inali ya madisiki, osati ya unkhoswe.

"Chilembo chiti, amayi?"

"Chilichonse. Afabeti sinathe."

Anachipatsa F. Chigawocho chinatulukira pasikirini chilibe manyazi m'pang'ono pomwe. Mayiyo anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, n'kuwavalanso. Ankafuna kumuona bwinobwino mkazi mnzakeyo, ndi zikhadabo zomwe. Bamboyo anakhala pansi pa mpando wopanda chotsamira, manja kunkhongo.

Mmisiri anadina kawiri.

Munalidi mkazi, pa zithunzi mazanamazana. Anali mphunzitsi yemweyo: pa ukwati wake, pa ubatizo wa mwana wake, pambali pake mayeso a zaka zisanu, zonse zimene analira mwezi wathunthu kuti zapita ndi akuba. Laputopu yatsopano ya m'sitolo inali yake yomwe ija.

"Wakuba wake ngwaulemu," anatero mayiyo maso ali pa mwamuna wake, akutulutsa foni kuti aimbire achimwene ake. "Anabweza atakulunga m'pepala la mphatso, ine n'kumuphera nkhuku."