Nyumba ya Loko

Telala anafika pachingwe cha apolisi tepi yoyezera idakali m'khosi. Anali atathamanga kuchokera kushopu kwake, nsapato imodzi ataitaya panjira.

Msewu wawo unali zii. Kumapeto kwake, pomwe pamadutsa njanji, sitima ya katundu inali itaima, ndipo thanki yachitatu inkatulutsa utsi wachikasu. Utsiwo sunkakwera kumwamba ayi. Unkakwawa pansi, kulowa m'mipanda ya anthu. Ngakhale pachingwe pomwepo maso ankayabwa, pakhosi pankawotcha.

"Bwererani, mayi," anatero wapolisi, pakamwa ataphimba. "Ndi poizoni ameneyo. Anthu onse tawasamutsira kusukulu."

"Bambo anga ali m'nyumba! Yachisanu kumanzere, ya chitseko chobiriwira."

Wapolisi anayang'ana papepala lake. "Imeneyo ili ndi loko kunja, komanso yalembedwa choko. Mulibe munthu."

Telala anagwira thumba lake. Loko ameneyo anakhoma yekha m'mawa, ndipo kiyi anali m'thumba mwake.

Bambo ake anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu. Ankayenda m'mbali mwa sitima ndi hamala, kugogoda mawilo, kumvetsera, n'kulemba choko pa bogi iliyonse yomwe aiona kuti ili bwino. Tsopano mutu unali utasokonekera. Ankaiwala kuti adya, ankaiwala kuti akazi awo anamwalira, masiku ena ankafunsa mwana wawo yemwe kuti ndi wa kwa yani. Atasochera kawiri, telala anagula loko. Achibale anamunena kuti ndi wankhanza, koma palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzakhala nawo ngakhale tsiku limodzi. Pakamwa basi! M'mawa ankawasiyira chakudya ndi madzi, n'kukhoma. Madzulo ankawapeza pampando wawo pafupi ndi zenera la kuchipinda ali phee, manja ali bii, m'matumba muli tizidutswa ta choko tomwe iye sankadziwa kuti amatitenga kuti.

"Ndimawatsekera ndine, bwana," anatero, misozi ikutsika. "Ndi odwala. Chonde tumizani munthu."

"Ovala zodzitetezera onse ali kuthanki. Koma mtima m'malo, mayi. Mkulu wina wa njanji ndi amene waona kudonthako, wayenda khomo ndi khomo kutulutsa anthu ife tisanafike n'komwe. Nyumba iliyonse yomwe waiona wailemba choko. Pakadapanda iyeyo, bwenzi lero tikunyamula mitembo."

"Mkulu wanuyo waona loko basi! Walowa m'katimo? Waitana?"

Wapolisi anatembenuka kukaletsa galimoto ina, ndipo telala sanadikire. Ananyowetsa mpango wake ndi madzi a m'botolo lomwe wina anasiya pansi, n'kudzimanga kukamwa, n'kudutsa pansi pa chingwe. Kumbuyo anamva mluzu ndi kukuwa, koma sanacheuke.

Pa nyumba yoyamba wailesi inkalankhula yokha. Pa yachiwiri zovala zinali m'beseni, sopo ali pamwala. Pa yachitatu nkhuku zinali ngundangunda pabwalo, miyendo m'mwamba. Chitseko chilichonse chinali ndi mtanda wa choko, wowongoka bwino. Telala ankatsokomola mpaka kupindika, koma miyendo inkapitabe.

Pa chitseko chobiriwira mtanda unalipo, loko analinso pomwepo. Mtima unamuwawa, anafuna kumutukwana munthu wolembayo. Kiyi anagwa pansi kawiri, kachitatu analowa.

"Ababa! Ababa, ndine!"

Pabalaza panalibe munthu. Mbale ya chakudya inali patebulo, yovundikira monga anaisiyira. Kuchipinda mpando unali wokha, katani ikuuluka. Telala anakumbukira kuti mabingu akamagunda bambo ake amabisala kunsi kwa bedi ngati mwana. Anagwada, n'kulowetsa mutu, n'kumapapasa mumdimamo. Anaiwala kuti pansipo ndi pomwe utsi unadzaza. Chifuwa chinathina ngati wachimanga ndi lamba, mpweya unakana kulowa.

"Ndawapha ndine," anaganiza. "Ndawapha ndi loko wanga." Anayesa kuitananso, mawu osatuluka. Kenako anamva manja okhakhala akumukoka miyendo.

Anatsitsimukira mu ambulansi, chipangizo cha mpweya chili kumphuno. Anachichotsa n'kuyamba kulimbana ndi namwino.

"Ndisiyeni! Bambo anga atsala m'nyumba muja!"

"Gonani, mayi, mudzipweteka," anatero namwino, akumupanikiza mapewa. "Muwasokonezanso agogo awa, apuma utsi wambiri. Ndi amene akukokani m'nyumba muja, ndi amenenso apulumutsa msewu wonsewu."

Telala anatembenuza mutu. Pa machira enawo panagona nkhalamba yovala yunifolomu yakale ya njanji yotha m'zigongono, hamala ili pachifuwa, zala zili mbuu ndi choko. Nkhalambayo inakweza chipangizo chake pang'ono, n'kumuyang'ana mwachifundo, monga munthu ayang'anira mlendo.

"Ya loko ija? Musavutike, mayi, ndailemba ndine. Mulibe munthu mmenemo," anatero bambo ake. "Mwana wanga ali kuntchito, ndipo ine ndimatulukira pazenera. Koma chonde musakamuuze, angadandaule."