Msonkho wa Magazi a Njati

Padangotero, kalelo nyama zili ndi nyumba yawo ya malamulo, Njati ndi Chipembere ankadyetsa ana awo pochita masewero ogwetsana pabwalo. Aphungu ataona awiriwo ali magazi okhaokha, anati masewerowo akhomeredwe msonkho waukulu, apo ayi atsekedwe. Njati anachonderera kuti iwo sapwetekana, koma palibe anamumvera.

Fisi, phungu wosusuka, anati akaonere pafupi. Njati atangogwa, Fisi anathamangira kukanyambita bala, koma analavula msanga, nkhope itakwinyika.

"Aphungu anzanga, awa si magazi ayi. Ndi utomoni wofiira wa mtengo wa mlombwa. Awiriwa amagwetsana mopangana."

Aphungu anafa nacho chiseko, za msonkho n'kuzisiya.

Njati anagwada pamaso pa Fisi. "Zikomo, bwana. Pakamwa panga palephera, koma kususuka kwanu kwapulumutsa ana anga."