Okala Kutsogolo, Zipinda Kumbuyo

Padangokhala Fuko ndi Khwangwala, onse atagula mapuloti pamsika. Khwangwala, wa kolala yoyera ngati kalaliki uja, adamanga shopu yaikulu yamagalasi. Fuko, amene sukulu adangoinunkhiza, adaika okala kutsogolo ndi zipinda zitatu kumbuyo. China ankagonamo yekha, ziwiri zidali za lendi. Mudalowa Nungu telala, komanso Mayi Njiwa ndi ana awo asanu.

"Achimwene, malonda ndi matewera bwalo limodzi?" adaseka Khwangwala. "Tiona amene atseke msanga."

"Tiona, bwana," adatero Fuko.

Ophunzira ndi choncho, amayesa tonsefe mitu yathu ndi yosenzera madzi basi.

Febuluwale adafika. Nyama zonse zidali kumunda, msika uli zii, matope okhaokha. Khwangwala ankaswera kuingitsa ntchentche. Koma kwa Fuko, Mayi Njiwa ankangozungulira khoma kudzagula mchere, sopo ndi machesi. Obwera kudzasoketsa zigamba kwa Nungu ankadikira pakhonde akudya mandasi a mu okala. Zochepa, inde, koma dzuwa silinkalowa osagulitsa kanthu.

Pofika nthawi yokolola, shopu yamagalasi idali itagulitsidwa. Khwangwala adatulukira kwa Fuko, mphasa ili kukhwapa.

"Achimwene, kumbuyoko kulibe kachipinda?"

"Ndangomaliza kumene chachinayi," adatero Fuko akumwa tiyi wake. "Lowani, bwana. Koma kuno chimbudzi timakolopa mosinthana. Tsiku lanu ndi Lachiwiri."

Ndipo amakolopadi, ndidamuona ndi maso angawa. Yanga yathera pamenepa.