Wodula Mtengo Aime Pachitsa

Lamulo la kuphiri kuno n'limodzi: wodula mtengo aziima pachitsa mpaka mphukira zitamupitirira msinkhu. Amuna anga anadula muwanga potsetsereka kuti aotche makala, ndipo ali chilili pomwepo kuyambira dzinja.

Dzulo ndinawapititsira mbatata yophika. Ndinagwada ndi beseni kuti asambe m'manja.

"Amake Tiyese, madziwo thirani kumapaziku," anatero, mawu ali okhakhala ngati khungwa.

"Mwayamba liti kukana chakudya changa, bambo inu?"

Nditafukula dothi kumapazi kwawo, ndinapeza zala zawo zitazika mizu pansi.

Ndinakweza maso kumtunda, komwe aliyense akuyamikira kuti nkhalango yabwerera. Mitengo yonse ndi ya msinkhu wa munthu, ndipo wina wavala chipewa cha malume anga.